Magazi atatu osamera kanthu: Bartonella quintana pa valavu ya mtima mwa bambo wazaka 34

Ndimagwira ntchito m'wodi ya matenda a akuluakulu pachipatala china chaboma mumzinda wa Cape Town. Lipotili ndalemba kuti anzanga ogwira ntchito zachipatala amene amawerenga Chichewa, kumudzi ndi kuno, aone momwe matenda a valavu ya mtima (kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo), oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Bartonella quintana, anabisalira kwa miyezi isanu, poyamba kuseri kwa TB, kenako kuseri kwa impso. Wodwalayo anavomera kuti nkhani yake ilembedwe, ndipo ndachotsamo zonse zomwe zingamudziwitse.

Mbiri ya wodwala

Anali bambo wazaka 34, wochokera kuchigawo chapakati cha Malawi, amene anabwera ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ankasamalira maluwa ndi kapinga kunyumba za anthu. Analibe HIV, sankamwa mowa kwambiri, ndipo sanadzibayepo mankhwala ozunguza bongo. Anafika kwa ife atadwala miyezi inayi ndi theka: thupi kutentha pang'onopang'ono madzulo, thukuta usiku, kusowa chilakolako cha chakudya, ndi kuwonda kuchoka pa makilogalamu 63 kufika pa 54.

Kukiliniki yakwawoko anamupatsa amoxicillin kawiri. Makhololo anayezedwa ndi GeneXpert kawiri, TB sinapezeke. X-ray ya pachifuwa inaonetsa chifunga m'mapapo onse awiri, ndipo poona kuwonda ndi thukuta, anamuyambitsa mankhwala a TB. Sindikuwadzudzula. M'dziko limene TB ili paliponse, munthu wowonda wotuluka thukuta usiku amaganiziridwa TB, ndipo nthawi zambiri kuganizako kumakhala kolondola. Kutentha thupi kunachepadi atayamba mankhwalawo, zomwe zinalimbikitsa aliyense kuti agwira pamene pali vuto. Koma patatha milungu isanu ndi umodzi miyendo inayamba kutupa, sankathanso kugona chagada, ankagona atatsamira khoma, ndipo mkodzo unasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Tsiku loyamba thupi linali pa 37.8, mtima ukugunda ka 104 pa mphindi, BP 128/42. M'maso munali moyera. Nsonga za zala zinali zonenepa ngati tizibonga, zikhadabo zokhota. Kapamba ankagwirika zala zitatu pansi pa nthiti. M'munsi mwa mapapo munkamveka madzi, ndipo miyendo inatupa mpaka m'mawondo. Pamtima panalembedwa kuti pali kaphokoso kobwera ndi kuchepa kwa magazi.

Zoyeza zinatuluka motere: Hb 8.1 (magazi ochepa), maselo oyera ali bwinobwino, mapulateleti 118 (otsika), CRP 62 (yokwera, chizindikiro cha kutupa m'thupi), creatinine 286 (yokwera, kusonyeza kuti impso sizikusefa bwino). Mumkodzo munali magazi ambiri ndi puloteni, ndipo pa maikulosikopu tinaona maselo ofiira ataumbika m'timachubu, chizindikiro chakuti magaziwo akuchokera m'tosefera ta impso momwemo osati m'chikhodzodzo. Tinatenga mabotolo a magazi maulendo atatu, pamalo osiyana, kuti tione ngati mumera bakiteriya.

Impso zinatenga maso athu onse

Creatinine inkakwera tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tinayang'ana kumeneko. Tsiku lachinayi zotsatira za ANCA, chitetezo cha m'magazi choukira thupi lomwe, zinabwera: mtundu wake wotchedwa PR3 unali wokwera kwambiri. Kwa dokotala aliyense, impso zowonongeka msanga, chifunga m'mapapo ndi PR3-ANCA zimaloza ku matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira mitsempha yake yomwe, granulomatosis with polyangiitis. Chithandizo chake ndi kupondereza chitetezocho mwamphamvu ndi methylprednisolone wa m'diripi, kenako cyclophosphamide kapena rituximab, ndipo kuchedwa kumataya impso. Mabotolo a magazi anali asanamere kanthu. Dongosolo linali loti mawa lake tiyambe methylprednisolone.

Madzulo a tsikulo ndinabwerera kukawerenganso fayilo chifukwa cha nambala imodzi yomwe sinkagwirizana ndi zinazo. C3, puloteni ina ya chitetezo cha m'magazi, inali yotsika. M'matenda a ANCA enieni, C3 kawirikawiri imakhala bwino. Ikatsika, imatiuza kuti m'magazi mukuyenda timibulu ta chitetezo togwirana ndi chinachake, ndipo chinachakecho nthawi zambiri chimakhala kachilombo. Rheumatoid factor, chizindikiro china cha chitetezo, nayonso inali yokwera. Kapamba wotupa, mapulateleti otsika, zala zonenepa nsonga, zonsezi si za granulomatosis. Pobwerera pa tsamba loyamba ndinaona BP ija, 128/42. Nambala yapansiyo ndinaiona tsiku loyamba ndi maso angawa ndipo ndinaidumpha. Munthu wa impso zotupa, wodzaza madzi, BP yake imayenera kukwera yonse. Yapansi ikagwa chonchi, magazi akubwerera kwinakwake.

Ndinamukhazika tsonga, ndinamuweramitsa kutsogolo, ndinamuuza kuti atulutse mpweya wonse n'kugwira kaye. Kumanzere kwa fupa la pachifuwa kunamveka kaphokoso kofewa, konga mpweya wotuluka pang'onopang'ono, kotsatira kugunda kwachiwiri kwa mtima. Ka mtundu umenewu sikabwera ndi kuchepa kwa magazi. Kamatanthauza kuti valavu ya aorta, mtsempha waukulu wotuluka mumtima, siikutseka. M'wodi yaphokoso, wodwala atagona, mtima ukuthamanga, kamaphonyeka mosavuta. Ndinaimbira anzanga osamalira impso, ndipo tinagwirizana kuti methylprednisolone adikire echo.

Echo, yomwe ndi sikani ya mtima, inachitika m'mawa mwake. Pa valavu ya aorta panali chomera chogwedezeka cha mamilimita 14, chimene timati vegetation, ndipo kachitseko kamodzi ka valavuyo kanali kataboka. Magazi ankabwerera kwambiri kulowa mu ventricle yakumanzere (chipinda cha mtima chopopera magazi m'thupi), yomwe inali itayamba kale kufutukuka. Valavu ya mitral inali yokhuthala m'mphepete, yotseguka mopindika, maonekedwe a rheumatic heart disease yakale, kuvulala kwa mavalavu kotsatira matenda a m'mfundo otchedwa rheumatic fever. Titamufunsa, anakumbukira kuti ali ndi zaka 11 anadwala mawondo ndi zigongono mpaka kulephera kupita kusukulu, anabayidwa jakisoni mwezi uliwonse kwa kanthawi, kenako anasiya atachira.

Tsopano tinali ndi endocarditis, matenda a chomera pa valavu ya mtima, koma choyambitsa chake chinalibe dzina. Mabotolo onse anafika masiku asanu osamera kanthu. Tinapempha a labotale kuti awasunge mpaka masiku 14, ndipo tinatenga ena atatu. Onse anakhala chete. Tinayamba ceftriaxone 2 g patsiku, gentamicin tinamupewa chifukwa cha impso. Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinatenga kachidutswa ka impso. Tosefera tina tinali ndi zipsera zooneka ngati mwezi wongotuluka kumene, ndipo C3 ndi IgM zinali zitamatirira m'makoma mwake. Zimenezi zinkagwirizana ndi impso zovulazidwa ndi matenda a bakiteriya okhalitsa.

Magazi akapanda kumera kanthu

Endocarditis yosamera m'botolo imakhala ndi zifukwa zitatu. Chofala kuposa zonse ndi chakuti wodwala anamwa kale maantibayotiki, ndipo streptococcus wamba wagona chabe. Wodwala wathu anali atamwa amoxicillin kawiri ndi rifampicin milungu isanu ndi umodzi, choncho chifukwa ichi chinali chokwanira pachokha, ndipo anzanga ambiri anaimira pomwepa. Chachiwiri ndi chomera chopanda kachilombo, monga cha lupus kapena cha khansa. Chachitatu ndi tizilombo tosamera m'mabotolo athu ngakhale wodwala asanamwe kalikonse, chifukwa timakhala m'kati mwa maselo kapena timakula mochedwa kwambiri.

Tizilombo ta gulu lachitatuli tili ndi khalidwe limodzi lothandiza: kalikonse kali ndi njira yake yolowera mwa munthu, ndipo njirayo imapezeka pofunsa. Coxiella burnetii, woyambitsa Q fever, amene Edward Derrick anamufotokoza mu 1937 pakati pa ogwira ntchito kophera nyama ku Brisbane, amachokera ku mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, makamaka pamene zikubereka, ndipo munthu amamupuma ndi fumbi la m'khola. Brucella amabwera ndi mkaka wosawiritsa komanso kugwira ziweto zopoloza. Tropheryma whipplei amakonda amuna achikulire amene akhala zaka akumva kuwawa m'mfundo. Bartonella henselae amachokera kwa amphaka ndi utitiri wawo. Bartonella quintana alibe chiweto. Amakhala mwa munthu, ndipo amachoka kwa wina kupita kwa wina ndi nsabwe za m'zovala.

M'fayilo munalembedwa kuti sanagwire ziweto, alibe mphaka, samamwa mkaka wosawiritsa, ndipo amakhala ndi abale. Mafunsowo anafunsidwa m'Chingerezi, ndipo anayankha mwachidule monga amachitira munthu wachilendo amene sakufuna kuti za mapepala ake zifufuzidwe.

Zimene anandiuza usiku

Ndinali pa ntchito yausiku tsiku lachisanu ndi chinayi. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi lake. Tinali titalankhulana kale m'Chichewa za mankhwala, koma za moyo wake tinali tisanakambepo.

"Achimwene, kumene mukukhalako mumagona angati m'chipinda?"

"Asanu ndi awiri, adokotala."

"Kuyambira liti?"

Anakhala chete kanthawi. Kenako anafotokoza kuti chaka chathachi abwana ake anagulitsa nyumba n'kusamuka, ntchito inatha, ndipo analephera kulipira lendi. Kuyambira June mpaka August, miyezi ya mvula ndi chisanu kuno, anagona pansi pa mlatho ndi anthu ena, masiku ena m'nyumba zogoneramo osowa pokhala. Ankavala mabuluku awiri ndi majuzi atatu osavula, usana ndi usiku, chifukwa chovala ukachivula n'kuchiyanika suchipezanso. Mabulangete ankabwerekana. Kenako anyamata akwawo anamutenga n'kumupatsa malo m'chisakasa chawo cha malata.

"Thupi linkayabwa?"

"Kwambiri. M'chiuno ndi m'khwapa."

"Nsabwe munaziona?"

Anayang'ana pansi. "Zimenezo musawauze akumudzi, adokotala. Iwo akudziwa kuti ndili pantchito."

Nditamuvula malaya ndinapeza zomwe ndikanaziona kale ndikanayang'ana. Kumsana ndi m'chiuno khungu linali lakuda, lokhakhala, lodzaza zipsera za kukanda. M'thumba la pulasitiki la pansi pa bedi munali juzi imene anabwera nayo. Nditaitembenuza, m'misoko ya m'khwapa munali mazira a nsabwe omatirira m'ndandanda. Nsabwe za m'zovala sizikhala pakhungu. Zimabwera kudzayamwa magazi n'kubwerera mumsoko, n'chifukwa chake ukamuvula wodwala n'kumuveka chovala cha chipatala, umboni wonse umakhala wauika m'thumba.

M'mawa mwake tinawonjezera doxycycline 100 mg kawiri patsiku, ndipo tinatumiza magazi kukayeza chitetezo cholimbana ndi Bartonella, Coxiella ndi Brucella.

Za kachilomboka

Bartonella quintana si wachilendo m'mabuku. Ndiye ankayambitsa trench fever, matenda amene anayamba kufotokozedwa mu 1915 pakati pa asilikali a m'maenje pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ndipo anadwalitsa asilikali ochuluka zedi a mbali zonse. Dzina lakuti quintana likuchokera ku kutentha thupi kobwerera pafupifupi masiku asanu alionse. Kwa nthawi yaitali ankatchedwa Rochalimaea quintana, pokumbukira Henrique da Rocha Lima wa ku Brazil, mpaka mu 1993 pamene anaikidwa m'gulu la Bartonella. Nkhondo zitatha anthu anamuiwala. Anaonekeranso m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1995 madokotala a ku Seattle anamupeza m'magazi a anthu osowa pokhala, pamene a ku France anafotokoza za amuna atatu osowa pokhala amene anali ndi endocarditis ya kachilomboka.

Nsabwe ikayamwa magazi a munthu wodwala, kachilomboka kamachulukana m'matumbo mwake n'kutuluka ndi chimbudzi chake. Munthu akakanda polumidwapo, amadzipaka yekha chimbudzicho m'bala. Kakalowa, kamabisala m'maselo ofiira ndi m'maselo oyala m'kati mwa mitsempha, ndipo kamatha kuyenda m'magazi miyezi yambiri munthu osamva kudwala kwenikweni. Valavu yomwe inavulala kale imakhala pokocheza pabwino, ngakhale kamagwiranso mavalavu omwe analibe vuto. Kamakonda valavu ya aorta, kamaiwononga mwakachetechete, ndipo odwala ambiri amafika pofunika opareshoni. Pa mbale ya labotale kamafuna milungu ingapo kuti kaoneke, pomwe mabotolo athu amatayidwa pakatha masiku asanu.

Kuno ku Cape Town kachilomboka si kosowa monga ndinkaganizira ndili kusukulu. Anzathu a ku chipatala cha Tygerberg atayamba kuyeza mwadongosolo odwala onse a endocarditis yosamera m'botolo, anapeza kuti Bartonella ndiye ankatsogola pa tizilombo tobisalati, ndipo anasindikiza zimenezi mu 2021. Kanalipo kale, koma panalibe wokafunafuna.

Chimene chinatsala pang'ono kutipusitsa ndi chizolowezi chake chodzutsa ANCA, makamaka PR3, pamodzi ndi kutupa kwa tosefera ta impso. Nkhani zotere zalembedwa kambiri: wodwala apatsidwa masteroyidi ndi cyclophosphamide, impso zichita ngati zikupepuka, kenako valavu ing'ambika kapena kachidutswa ka chomera kathothoka kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Ine tsopano sindilola kuti munthu wa ANCA yokwera ayambe mankhwala opondereza chitetezo asanamvedwe mtima atakhala tsonga ndiponso asanapangidwe echo, makamaka ngati C3 yatsika kapena kapamba watupa. Echo imatenga theka la ola. Methylprednisolone akalowa sabwereranso.

Zotsatira ndi chithandizo

Zotsatira zinabwera tsiku la 16. IgG ya Bartonella, chitetezo cholimbana naye chija, inali 1:3200. Ya Coxiella phase I ndi ya Brucella sizinaonetse kanthu. Malamulo a Duke ozindikirira endocarditis, amene anayamba mu 1994 n'kukonzedwa mu 2000, anakonzedwanso mu 2023, ndipo tsopano IgG ya Bartonella ya 1:800 kapena kuposa imawerengedwa ngati umboni waukulu, monga momwe IgG yokwera ya Coxiella inkawerengedwera kale. Umboni waukulu wachiwiri unali echo ija. Kuyeza IgG sikusiyanitsa bwino quintana ndi henselae, ndipo nthawi zina kumasokonezeka ndi Coxiella kapena Chlamydia, koma pamodzi ndi juzi ija sindinakayikenso.

Chithandizo chodziwika ndi doxycycline kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi pamodzi ndi gentamicin 3 mg pa kilogalamu patsiku kwa milungu iwiri yoyamba. Gentamicin ndiye amapha kachilomboka, doxycycline amangokaletsa kuchulukana. Koma creatinine inali itafika 340, ndipo gentamicin akanamaliza impso zomwe zinatsala. Impso zikavuta, m'malo mwake mumalowa rifampicin.

Apa panali mfundo yomwe tinakambirana nthawi yaitali. Mankhwala a TB tinkafuna kuwasiya, chifukwa chifunga cha pa X-ray chinayera patatha masiku anayi a furosemide (mankhwala ochotsa madzi m'thupi), zomwe TB siichita, ndipo makhololo amene tinakoka ndi nthunzi ya mchere sanaonetse kanthu pa Xpert Ultra. Koma munthu amene wamwa kale mankhwala milungu isanu ndi umodzi, zoyeza zake zosapeza TB sizitsimikizira zambiri, ndipo kumusiya pa rifampicin yekha ngati TB ilipo ndiko kulera TB yosamva mankhwala. Tinachotsa pyrazinamide ndi ethambutol, omwe amavuta impso zikafooka, n'kupitiriza rifampicin ndi isoniazid limodzi mpaka milungu iwiri itakwana kuchokera pamene doxycycline anayamba. Kenako tinasiya onse awiri, ndipo tinamuyang'anira. TB sinaonekepo. Ndikukhulupirira kuti kupepukidwa kumene anaona kukiliniki kuja kunali rifampicin akugwira Bartonella pang'ono, mokwanira kuziziritsa thupi koma osakwanira kupulumutsa valavu.

Thupi linazizira, CRP inatsika, creatinine inaima n'kuyamba kubwerera. Mtima wokha sunabwerere. Tsiku la 19 ndi la 22 mapapo anadzaza madzi usiku, ulendo wachiwiri mpaka kufuna makina othandizira kupuma. Echo yobwereza inaonetsa valavu ya mitral ikutseka nthawi yake isanakwane, chizindikiro chakuti ventricle yadzaza mopitirira ndi magazi obwerera ndipo siingathenso kupirira. Maantibayotiki sasoka chiboo. Madokotala a opareshoni ya mtima anavomera kumutenga.

Kusankha valavu

Ndikhalapo pang'ono apa, chifukwa ndi pamene ndinavutika mumtima kuposa pena paliponse. Valavu yachitsulo imakhala moyo wonse, koma imafuna warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse ndi kuyeza pafupipafupi INR, nambala yosonyeza mmene mankhwalawo akugwirira. Munthu akasiya, magazi amaundana pa valavu n'kuitseka kapena kupita ku ubongo. Akamwa wambiri, amataya magazi. Valavu yopangidwa kuchokera ku nyama siifuna warfarin wa moyo wonse, koma mwa wachinyamata imatha msanga, kawirikawiri m'zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pamafunika opareshoni ina. Mabuku amati wazaka 34 apatsidwe yachitsulo. Mabukuwo amaganiza za munthu wokhala pafupi ndi labotale.

Iye ankafuna kubwerera kwawo. Mkazi wake ndi ana awiri ali kumudzi, makilomita ambiri kuchokera pachipatala chaching'ono. Ndinamufotokozera zonse m'Chichewa, kawiri, tsiku lina ndi linzake, mnzake wa m'chisakasa muja ali pomwepo ngati gadiyani. Ndinamuuza mosabisa kuti opareshoni yotsegula mtima kwathu siipezeka wamba, ambiri ofunika kusinthidwa valavu amadikira kutumizidwa kunja, makamaka ku India, ndipo kuti valavu yanyama ikadzatha ali ndi zaka 45 ali kumudzi, mwayi wa opareshoni yachiwiri ndi wochepa. Ndinamuuzanso kuti yachitsulo idzamumanga ku chipatala chachikulu moyo wake wonse.

"Ndiye kuti kumudzi kwenikweniko sindingakhaleko?"

"Mungapite kukaona anthu, achimwene. Koma pokhala payenera kukhala poti mwezi uliwonse muzitha kuyezetsa magazi."

Anaganiza usiku wonse. M'mawa anati ali ndi mlongo wake ku Lilongwe, ndipo akadzabwerera adzakhala kumeneko kuti aziyendera ku Kamuzu Central. Anasankha yachitsulo.

Opareshoni inachitika tsiku la 24. Zitseko ziwiri za valavu ya aorta zinali zodyeka, chimodzi chili ndi chiboo, zomera zake zolimba ndi zamiyala pang'ono. Mafinya m'tsinde mwa aorta munalibe. Valavu ya mitral anaisiya. Ndinapempha pasadakhale kuti valavu yochotsedwayo igawidwe patatu, ndipo chidutswa cha PCR, yomwe imafufuza DNA ya kachilombo, chisaikidwe mu formalin, mankhwala osungira minofu, chifukwa pamenepa ndi pamene mayankho ambiri amatayikira: valavu yonse imaponyedwa m'botolo limodzi la formalin mwachizolowezi. Chidutswa chofesedwa pa mbale sichinamere kanthu. Pa utoto wa Warthin-Starry panaoneka timagulu ta tizilombo takuda m'kati mwa chomeracho. PCR inatchula dzina: Bartonella quintana.

Pambuyo pa opareshoni

Tinapitiriza doxycycline kwa miyezi itatu kuchokera tsiku la opareshoni. Tinamuuza kuti azimwa ndi madzi ambiri ali chikhalire, asagone atangomwa, asamwere limodzi mkaka kapena mapiritsi a ayironi, ndipo azidziteteza ku dzuwa.

Warfarin anativuta milungu yoyamba. Rifampicin amachititsa chiwindi kuphwanya warfarin mofulumira, ndipo mphamvu imeneyi imatsalira pafupifupi milungu iwiri mankhwalawo atasiyidwa. Poyamba INR inkakana kukwera, tinakweza mlingo, ndipo mphamvu ya rifampicin itatha INR inalumpha kufika 4.6. Sanataye magazi, chifukwa tinkayembekezera zimenezi ndipo tinkayeza masiku awiri alionse. Akanatuluka sabata yoyamba ndi mlingo waukulu uja n'kuuzidwa kuti abwere pakatha mwezi, nkhaniyi ikanatha mwina. Cholinga chathu ndi INR ya pakati pa 2.0 ndi 3.0. Chifukwa cha rheumatic heart disease, tinamuyambitsa penicillin V wakumwa 250 mg kawiri patsiku m'malo mwa jakisoni wa benzathine, popewa kubaya m'mnofu munthu amene ali pa warfarin. Anaonananso ndi dokotala wa mano, dzino limodzi lobowoka linazulidwa.

Masteroyidi sanalandire ngakhale piritsi limodzi. Creatinine inali 210 potuluka tsiku la 41, ndipo 128 patatha miyezi itatu. Magazi mumkodzo anatha, C3 inabwerera m'malo, ANCA inatsika. Ena amapereka masteroyidi impso zikapitiriza kuwonongeka ngakhale kachilombo kakuthiridwa mankhwala oyenera, ndipo tinali okonzeka kutero, koma sizinafunike.

Nsabwe zinali mbali ya chithandizo, chifukwa kumubwezera m'chipinda cha anthu asanu ndi awiri chomwecho kukanakhala kuika valavu yatsopano pangozi. Wothandiza za umoyo wa anthu wa m'wodi mwathu anapita kumeneko ndi mnzake uja. Zovala ndi mabulangete onse anachapa ndi madzi otentha a madigiri 60, misoko anaisita ndi ayironi, ndipo zosachapika anazimanga m'matumba a pulasitiki kwa milungu iwiri, popeza nsabwe ikasowa magazi a munthu imafa pasanathe sabata. Anzake awiri anali ndi zipsera za kukanda. Onse asanu ndi mmodzi tinawamvera mtima, ndipo panalibe wa kaphokoso.

Kwa anzanga a kumudzi

Zinthu ziwiri zimene zinakumana mwa bamboyu, valavu yovulala ndi rheumatic fever ali mwana ndi kugona mopanikizana osasintha zovala, zonse zilipo kwathu: m'ndende zodzaza, m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira, pakati pa ana ogona m'misika. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre magazi akhala akufesedwa m'mabotolo mwadongosolo kuyambira 1998, ndipo ntchitoyo yatiphunzitsa zambiri za Salmonella ndi pneumococcus, koma botolo kawirikawiri siligwira Bartonella. Kumene kulibe zoyeza chitetezo kapena PCR, zida zotsala ndi zomwe zinandithandiza inenso: kuwerenga nambala yapansi ya BP, kumukhazika tsonga wodwala pomvera mtima, kutenga magazi maulendo atatu maantibayotiki asanayambe, kufunsa kumene wagona chaka chathachi, ndi kutembenuza chovala chake. Munthu amene ali pa mankhwala a TB yosatsimikizika, akayamba kutupa miyendo kapena kukodza magazi, apite ku echo. Endocarditis ikaoneka koma botolo osamera kanthu, ndipo mbiri ya nsabwe kapena amphaka ilipo, ine ndingawonjezere doxycycline osadikira, chifukwa ndi wotchipa ndipo amapezeka pafupifupi m'famase iliyonse.

Funso la nsabwe limafuna kufunsidwa pa awiri, motsitsa mawu, gadiyani atatuluka. Bamboyu analankhula ndi madokotala asanu ndi atatu asanaliyankhe.

Ndinamuona komaliza patatha miyezi isanu ndi iwiri. Anali pa makilogalamu 61, BP 118/74, INR 2.4, creatinine 121, valavu ikugogoda bwino moti imamveka ngakhale popanda stethoscope chipinda chikakhala chete. Anapeza ganyu pamalo ogulitsira mbande za maluwa ndipo akusunga ndalama ya basi. Ndinamulembera kalata ya masamba awiri yopita kwa dokotala amene adzamulandire ku Lilongwe, yotchula mtundu ndi kukula kwa valavu, dzina la kachilombo, mlingo wa warfarin ndi INR zake zonse, ndi chenjezo lakuti akadzatentha thupi atengedwe magazi asanapatsidwe mankhwala alionse, komanso kuti wina akadzafuna kumupatsa rifampicin ayambe waona za warfarin. Ndinamulemberanso tsamba lina m'Chichewa loti asunge yekha. Analiwerenga pomwepo, napempha kuti ndichotse mawu akuti nsabwe poti mkazi wake adzaliwerenga. Ndinalemba lina lopanda mawuwo, koma m'kalata ya kwa dokotala ndinawasiya, ndipo ndinamuuza kuti ndawasiya.